Chimene Sichinali Papepala

9 Malichi

Mdzukulu wanga, mkazi mnzanga,

Moni. Ine ndinafika bwino, ngakhale basi ija inandipukusa mpaka mafupa kusinthana malo. Nyumba ndaipeza pomwe ndinaisiya, kungoti mayi ako aang'ono anathirira maluwa anga ngati akuzimitsa moto, awiri afa ndi madzi. Kaya iwe kumeneko, chifuwa chija chinaleka? Ukudya, kapena ukungotafuna mapepala?

Kuno anthu sakundikhulupirira. Ndikawauza kuti mdzukulu wanga, mphunzitsi wa anamwino kukoleji, anandiitana kuti ndikadwale mwabodza pamaso pa ana asukulu, amandiyang'ana ngati mutu wayamba kuthawa. Mayi wa pagolosale uja akuti, "Ndiye kudwala kwasanduka ntchito?" Ndinamuuza kuti iyeyo wakhala akudwala mwabodza zaka makumi awiri, tsiku lililonse losesa kutchalitchi, koma palibe anamuomberapo m'manja. Agogo ako aamuna akanakhala moyo bwenzi akuti, "Mkazi wamkulu wonena bodza, mkazi wamng'ono wolemba bodzalo, ine ndinakwatira chiyani?"

Pepala lako lija ndikulikumbukirabe. Mayi wa matenda a shuga, bala kuphazi, amaiwala kumwa mapilitsi. Basi. Munthu wouma ngati chikuni, wopanda ngakhale mlamu womuda. N'chifukwa chake ndinamupatsa mwamuna woledzera ndi mbuzi yodya khadi la kuchipatala. Usakwiye. Munthu sadwala yekha, amadwala ndi a pakhomo pake. Bala lija lokha ndiye munalijambula bwino, ntchentche ina inanamizika.

Unandiuza kuti mumawasonkhanitsa anayi anayi, wa udokotala, wa unamwino, wa mankhwala ndi uja wophunzitsa anthu kuyendanso, kuti azolowere kumverana adakali anthete, poti akakhwima aliyense amakakhala pawindo lake. Nzeru yabwino. Koma mphindi khumi, belu ngwee, ena alowe? Ine tiyi wanga sazizira n'komwe pa mphindi khumi.

Tsono ndili ndi funso, ndipo usalilumphe monga umachitira. Gulu lomaliza lija, la mnyamata wamtali wa udokotala amene ankayang'ana wotchi yake kuposa nkhope yanga. Munali kamtsikana ka unamwino, kakafupi, manja ozizira ngati chule. Pokweza mkono wanga wamanzere kuti kandimange lamba woyezera magazi, dzanja lake linapita m'mbali mwa bere, cha kukhwapa. Kanaima. Kanabwereranso pomwepo ndi zala ziwiri. Kenaka kanati, mawu ali pansi, "Pali chotupa apa."

Wawotchi uja osacheuka n'komwe. "Sichili papepala. Yezani magazi, nthawi ikutha."

"Koma n'cholimba," kanatero.

"Anesi, lero tabwerera phazi."

Awiri enawo anaseka chamumtima, wa mankhwala n'kupitiriza kundifunsa za mapilitsi. Kamtsikana kanangoima, lamba ali m'manja, mpaka belu linalira.

Ine ndinangoti duu. Unandiloza chala m'mawa muja kuti nthabwala ungandikhululukire, koma za m'thupi ndisawonjezere kapena kuchotsa, ndingawononge mayeso a ana ndi ntchito yako yomwe. Iwe unali pakona ndi bolodi lako la m'manja, ukuchonga malikisi. Titafika kunyumba ndinati ndikufunse, koma ndinakupeza ukusinza pa mulu wa mapepala, cholembera chili m'manja, ndiye ndinangokufunditsa.

Kamtsikana kaja unakalembera chiyani? Sikankanama ayi.

Magalasi anga atsopano aja usaiwale kutumiza. Ukuona wekha kalembedwe kanga, ngati nyerere zothawa madzi.

Ndine agogo ako.


24 Malichi

Agogo anga okondedwa,

Zikomo chifukwa cha kalata yanu. Chifuwa chinatha, ndipo ndikudya, musadandaule. Muwapatse moni amayi aang'ono, muwauze kuti maluwa sasambira.

Kuno mwasiya mbiri. Ana akumafunsana m'makonde kuti, "Iwe, unakumana nawo agogo a mbuzi aja?" Mkulu wa sukulu akuti pa anthu onse amene tinawaitana kudzayerekeza kudwala, inu nokha ndi amene munachititsa wophunzira za mankhwala kufunsa kuti kodi kunyumba alipo wokukumbutsani kumwa mapilitsi. Funso limenelo timaliphunzitsa chaka chonse, koma pamayeso sitilimva. Akufuna mubwerenso mu Juni.

Za mtsikana uja, malamulo sandilola kukamba malikisi a ana, koma poti ndinu, sanakhoze. Magazi sanayeze, phazi sanaliyang'ane, ndipo anaimitsa gulu lonse pa chinthu chimene sichinali mu ntchito yawo. Kanali kachiwiri kulephera mayeso amenewa, ndiye nkhani yake ili kwa akuluakulu. Ndimakudziwani Agogo, pakamwa lumo koma mtima thonje. Musamusenze pamutu. Namwino ayenera kuphunzira kumaliza chimene wapatsidwa.

Chotupa chimenecho tinachiseka tonse titakhala pansi kukambirana ndi anawo. Mnyamata uja anati mwina agogo anabisa kanthu m'kamisolo, ine n'kuti ndi mpango wawo wa makiyi, sausiya ngakhale popita kosamba. Mtsikanayo sanatsutse.

Pa 1 Epulo ndikunyamuka ndi ana makumi awiri kupita kuzipatala zazing'ono zakutali, tikakhala masabata khumi. Aliyense azikagwira ntchito ndi mnzake wa maphunziro ena. Foni kumeneko imagwira pokhapokha utakwera pachulu. Muzilemba ku adiresi ya kukoleji monga mwa nthawi zonse, a ku ofesi alonjeza kuti azinditumizira. Magalasi ndapereka kwa dalaivala wa basi limodzi ndi kalatayi.

Ndine mdzukulu wanu, mkazi wamng'ono.


5 Epulo

Mdzukulu wanga,

Moni. Magalasi ndalandira, zikomo. Tsopano ndikutha kuona bwino fumbi la m'nyumba mwanga ndi makwinya a mayi wa pagolosale. Kalata yako ndaiwerenga katatu ndi magalasi atsopanowo, kuti mwina ndaphonya penapake.

Makiyi. Mwana iwe, makiyi anali m'chikwama chako. Ndiwe unandilanda mpango uja pakhomo la chipinda chovalira, n'kunena kuti wodwala wa papepala alibe makiyi. Unandibwezera kudepoti, basi italiza kale injini. Mutu wonsewo wodzaza mabuku, malo osungira zimenezi anasowa?

Ndiye poti asukulu simumva chinthu mpaka chitalembedwa, ndikulemba. Ndili ndi chotupa m'bere lamanzere. Ndinayamba kuchimva chaka chatha posamba, chili ngati njere ya nyemba. Sichinkapweteka, ndipo mlendo wosavuta sathamangitsidwa, ndiye ndinachileka. Pano chafika ngati dzira la nkhunda, cholimba, ndipo kukhwapa chaberekako mwana. Palibe ndinamuuzapo. Munthu woyamba kuchidziwa kupatula ine ndi kamtsikana kamene mwakalepheretsa kaja.

Usaganize kuti ndangokhala. Lachiwiri ndinapita kuchipatala chathu chino, ndipo ndikufotokozera kuti ukawauze ana ako. Pawindo loyamba mlembi anandifunsa zaka, n'kudinda khadi. Kuchipinda chachiwiri namwino anandikweza pasikelo, n'kufunsa chavuta n'chiyani. Kuseri kwa nsalu yotchinga kunali benchi lodzaza amuna, wina mwa iwo mkulu wa kutchalitchi kwathu, ndiye ndinangoti, "Pachifuwa pano." Iye analemba. Kuchipinda chachitatu adokotala anawerenga zimene namwino walemba, anandimvetsera kumsana pamwamba pa diresi, anati ndipume kawiri, n'kulemba zawo. Nkhope yawo sindinaione, ndinangoona pakati pa mutu, payamba dazi. Pamene ndimati ndiyambe nkhani, khadi linali kale m'manja mwanga, wina walowa. Pawindo lomaliza wa mankhwala anati awiri m'mawa, awiri madzulo. Ndinamufunsa kuti, "Bambo, amenewa amasungunula chotupa?" Anati, "Zimenezo mukanawauza adokotala, mayi. Ine ndimapereka zimene zalembedwa." Ndinabwerera kwa adokotala, ndinapeza chitseko chokhoma, akuti apita kumsonkhano.

Anthu anayi, aliyense wagwira ntchito yake osalakwitsa, ndipo palibe wandikhudza khungu. Ndinatuluka ndi mapilitsi a chifuwa chimene ndilibe. Pa bolodi lako lija onsewa akanakhoza.

Foni sindiimba. Ukudziwa makutu angawa, ndikalankhula pafoni ya pagolosale msewu wonse umamva, ndipo bere langa si nkhani ya pawailesi. Mayi ako aang'ono sindinawauze, akangomva ayamba kulira maliro ine ndili moyo.

Sindikuopa ayi, ndikungofunsa. Iwe ndiwe unaphunzira. Ndipite kuti, ndikanene chiyani, kuti wina andikhudze? Ndidikira yankho lako.

Ndine agogo ako.


16 Meyi

Agogo anga okondedwa,

Moni wochokera kutchire. Ndikulemba mothamanga chifukwa galimoto yobweretsa mankhwala ikubwerera pompano, ndipo ikapita ibweranso mwezi wamawa.

Ndatopa koma ndikusangalala. Dzulo ndinaona chimene ndakhala ndikuchifuna zaka zonsezi. Mwana wa udokotala analemba mlingo wolakwika wa mankhwala a khanda, mnzake wa za mankhwala n'kumukoka malaya n'kumuuza, ndipo iye anati zikomo. Zikomo, Agogo, pamaso pa anthu. Ndinatuluka panja kuti asaone misozi.

Mayeso aja ali pa 20 Juni. Ndaikamo pepala latsopano kuti muyambiretu kuloweza. Ulendo uno ndinu mayi wa kuthamanga kwa magazi, mutu umakupwetekani m'mawa, ndipo mumamwa mankhwala a mnzanu. Mbuzi mukhoza kubwera nayo, ana akuidikira. Koma chonde za zotupa tizisiye, ana asasokonezekenso ngati ulendo watha. Tingotsata zimene zili papepala.

Ndakusowani.

Ndine mkazi wamng'ono.


1 Juni

Aphunzitsi,

Moni. Ndamva. Za zotupa tazisiya.

Masabata asanu ndi atatu ndakhala ndikupita kudepoti kukafunsa dalaivala ngati pali kalata, mpaka anayamba kundipukusira mutu ndidakali patali. Tsopano yabwera, ndipo yandiuza kuti ndiloweze mutu wopweteka.

Pepala lanu ndalibweza momwemo. Pezani nkhalamba ina. Ine kudwala kwabodza sindingakuthenso, ndatanganidwa ndi kwenikweni. Mkono wamanzere watupa mpaka m'chigongono, diresi ndikuchita kuvekedwa, ndipo msana sukundilola kukhala pampando. Mayi anu aang'ono aona okha pondisambitsa, analira monga ndinanenera. Akufuna kukuimbirani foni, ndawaletsa. Munthu wotanganidwa sasokonezedwa.

Ndinakulerani kuyambira muli ndi zaka zinayi, mayi anu atatisiya. Sindinakukumbutsenipo, ndipo sindiyamba lero. Ndimangoti mudziwe kuti kalata yanu inafika.

Agogo.


12 Juni

Agogo,

Loweruka ndikubwera ndi galimoto kudzakutengani. Kalatayi ndatsogoza chifukwa pali zimene sindingathe kunena mukundiyang'ana.

Kalata yanu ya mu Epulo sindinaione mpaka dzulo. Ndinaipeza m'kabokosi kanga ku ofesi, pansi pa mapepala ena, limodzi ndi ya pa 1 Juni. Palibe ananditumizira. Polemba za mayeso zija sindinkadziwa kanthu. Koma musandikhululukire pa chifukwa chimenecho, kulakwa kwanga kunayambira m'mbuyo.

Mayeso onse timawajambula pa kamera. Dzulo ndinapempha kanema wa gulu lomaliza lija, ndinadzitsekera m'kalasi n'kuonera. Mtsikana uja ananena kawiri. Mawu akumveka bwinobwino. Ine ndikuoneka pakona, ndipo pamene ananena koyamba ndinadzutsa mutu. Ndinamva, Agogo. Ndinayang'ana pa fomu yanga, ndinaona kuti palibe mzere wa chotupa, ndinaweramanso. Inu mukuoneka mukundiyang'ana. Malo amenewo ndawabwereza sindikudziwa kangati. Munandiyang'ana nthawi yaitali.

Pa fomuyo pali mzere wakuti, "Amamvetsera mnzake wa ntchito ina akalankhula." Mzere umenewo ndinaulemba ndine, ndinalimbana nawo m'misonkhano zaka ziwiri kuti ulowemo. Mnyamata uja ndinamuchongera kuti wakhoza, chifukwa anasunga nthawi ndipo gulu linamutsatira.

Za makiyi ndinakumbuka nditangowerenga. Mwina ndinkakumbuka ngakhale tsiku lija pamene ndinkaseka. Sindikudziwa.

Ndalankhula ndi adokotala a matenda a mabere kuchipatala chachikulu, atilandira Lolemba m'mawa. Mulongedze zovala za masabata atatu kapena anayi. Mukafuna kundilalatira mundilalatire m'galimoto, njira ndi yaitali. Koma chonde musanditchulenso kuti Aphunzitsi.

Mdzukulu wanu.


21 Julayi

Mkazi mnzanga,

Moni. Ndinafika. Mayi ako aang'ono akundigwira ngati dzira, sakundilola ngakhale kunyamula kapu. Chotupa chikachedwa andipha ndi iwowo ndi chisamaliro. Mankhwala a ululu aja akugwira, kungoti amandigonetsa pakati pa nkhani, chinthu chimene adani anga akhala akuchipempherera zaka zambiri.

Usandinyengererenso zobwerera kumeneko. Nyumba yako ili m'mwamba, masitepe makumi atatu ndi anayi, ndinawerenga, ndipo pawindo umangoona madenga a anthu. Ine ndikufuna kumva anthu akudutsa pakhomo panga n'kumawayankha.

Ndakhala ndikuganizira chipinda chija anatiitanira tsiku lomaliza. Tebulo lalitali, wa opaleshoni, wa khansa, namwino wamkulu, wa mankhwala, ndi mayi uja wa mawu ofewa amene ntchito yake n'kuthandiza anthu kufa bwino. Onse pamodzi. Wina akalankhula, enawo chete, kugwedeza mitu. Namwino anatsutsa wa opaleshoni, wa opaleshoni n'kuti mukunena zoona. Ndinati mumtima, kodi zimene amaphunzitsa mdzukulu wanga zija n'zimenezi? N'zokongola ndithu. Kungoti anthu asanu anamverana bwinobwino kuti andiuze kuti chafika kumsana ndi kuchiwindi, ndipo mpeni sungathandizenso. Ndinafunsa kuti nanga mu Malichi zikanatheka? Onse anayang'ana patebulo. Wa khansa anati n'zovuta kudziwa. Iwe unatuluka.

Tsono za zimene unandiuza pondisiya pano, zoti ukufuna kusiya ntchito. Ndinakhala chete chifukwa panali anthu. Pano palibe. Usandipusitse. Ukasiya, chotupa chiphwa? Mphunzitsi amene sanalakwitsepo ndi woopsa, ali ngati wawotchi uja. Iwe tsopano walakwitsa, ndipo walakwitsira pa agogo ako, sudzaiwala. Ndiye uchoke panopa pamene wayamba kudziwa kanthu? Ukufuna ndife kawiri.

Ndipo usadzitengere mlandu wonse ngati ndi cholowa chako wekha. Gawo langa undisiyire. Chaka chathunthu ndinachisunga ndekha, iwe kulibe. Ndiyeno ine ndimalalatira m'busa, ndimalalatira dalaivala, agogo ako aamuna ndinawalalatira mpaka m'bokosi. Tsiku limodzi lokha limene pakamwa panga pakanagwira ntchito, ndinapatseka. Mwana wa eni akunena zoona pathupi langa, ine mwini thupi ndili chigonere, ndikusunga pepala. Ndinkafuna undinyadire. Ndinkafunanso, ndinene zoona, kuti wawotchi akhale wolondola.

Chimene ndikufuna n'chimodzi. Kamtsikana kaja kali kuti? Ukakafune. Osatumiza kalata ya ofesi, upite ndi miyendo yako. Undiuze zimene kakanene, osachotsa zowawa.

Ndine agogo ako, mkazi wamkulu.


6 Ogasiti

Agogo anga,

Moni. Amayi aang'ono akuti mwayamba kukana chakudya. Chonde muzidyako pang'ono, mankhwala aja safuna m'mimba mopanda kanthu. Ndibwera kumapeto kwa mwezi.

Ntchito sindinasiye. Ndinapempha akuluakulu kuti aonere kanema uja ine ndili pomwepo, kenako ndinawauza zimene madokotala apeza. Agwirizana kuti mtsikanayo abwerere mu Seputembala, ndipo kulephera kuja kufufutidwe. Tasinthanso malamulo. Wophunzira aliyense akapeza chinthu chenicheni pathupi la woyerekeza kudwala, akweze dzanja, wotchi iime, ndipo mphunzitsi adzuke adzaone. Mnyamata wa wotchi uja anabwera yekha ku ofesi kwanga atamva. Anaima pakhomo nthawi yaitali, n'kufunsa ngati angakulembereni. Ndinati ndikufunsani kaye.

Mtsikana ndinamupeza. Anachotsedwa sukulu mu Epulo. Akugulitsa nsapato m'sitolo ya azakhali ake pafupi ndi msika. Nditalowa anandipatsa mpando, n'kundifunsa saizi. Ndinamuuza zonse, ndinapepesa. Ankamvetsera akupukuta nsapato imodzimodzi. Kenako anati, "Agogo aja ali bwanji?" Nditamuuza, anakhala pansi pa makatoni.

Munati ndisachotse zowawa. Anati, "Madamu, tsiku lokambirana lija, pamene munanena za makiyi, ndinadziwa kuti si makiyi. Makiyi sakhala pansi pa khungu. Koma munali mutaseka kale nonse. Ndinati ndikapitiriza adzati ndine wamwano." Za kubwerera akuti aganiza kaye. Akuti sakudziwa ngati akufunanso kukhudza munthu.

Ndalemba adiresi ya sitoloyo kuseri kwa pepalali. Mwina inu angakumvereni.

Mdzukulu wanu.


14 Ogasiti

Mwana wanga wa m'sitolo ya nsapato,

Moni. Ndine nkhalamba ya bala lojambula ija, ya mbuzi, imene unaigwira m'mbali mwa bere mu Malichi. Ndikukhulupirira uli bwino pamodzi ndi azakhali ako. Ukaona zilembo zikutsetsereka usadabwe, ndikulemba chogona, tebulo langa ndi thireyi ya tiyi.

Ndalemba kuti ndikupepese. Aphunzitsi ako anapepesa zawo, izi ndi zanga. Unanena kawiri, ndipo kawiri konse ndinamva. Ndikanangoti, "Mwanayu akunena zoona," bwenzi lero uli m'kalasi. Mawu atatu okha. Ine amene ndimatha kulankhula kuchokera m'mawa mpaka dzuwa kulowa, anandikanika. Ndinakusiya uli chiimire ngati wakuba wogwidwa, anzako akuseka. Chimenecho chimandiwawa kuposa msana.

Za kusukulu sindikukakamiza. Ndilibe mphamvu yokoka munthu, ndipo nsapato nazonso ndi ntchito, anthu sangayende pansi. Koma ndikuuze zimene ndaona miyezi ino, poti ndadutsa m'manja ambiri. Andigwira akuluakulu a maphunziro ozama, andilowetsa m'makina olira ngati chigayo. Onsewo anapeza chimene anauzidwa kuti akafune. Iwe wekha unapeza chimene sunatumidwe. Manja otero sagulitsidwa pamsika. Ukafuna kuwasungira nsapato, ndi ako. Ukabwerera adzakusekanso, usaganize kuti anthu oseka atha. Udzanene kachitatu, mokweza, udzakhale wamwano. Ine ndakhala wamwano zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zinayi ndipo palibe anafa nazo. Chikundipha ine ndi ulemu.

Mnyamata wawotchi uja akuti akufuna kundilembera. Ndauza mdzukulu wanga, aphunzitsi akowo, amuuze kuti ayambe walembera iwe.

Tsono pempho langa. Kuno aliyense akundinamiza mwachikondi. Mdzukulu wanga ndikamufunsa amayang'ana kudenga. Mayi ake aang'ono akuti ndikuoneka bwino, chonsecho galasi analichotsa kuchipinda. Adokotala akuti munthu aliyense ndi wosiyana. Ndikudziwa kuti sunamalize sukulu, ndipo unena kuti si ntchito yako. Koma ndiwe wekha unandiuzapo zoona popanda wokutuma. Basi ya Loweruka imafika kuno masana, dalaivala amandidziwa, adzakulozera nyumba. Ubwere udzandigwire pamimba ndi pamsana, udzandiyang'ane m'maso, udzandiuze chimene ukuona.

Sindikufunsa chifukwa cha mantha. Mnansi wanga akugulitsa anapiye a mazira, ndipo akuti amayamba kuikira pakatha miyezi isanu. Wandisungira khumi mpaka kumapeto kwa mwezi uno. Ndikufuna ndidziwe chomuyankha.

Ndine agogo ako nawenso.